Chardonnay wa ku Germany: mgolo si zokometsera

Maganizo anga pa vinyo woyera wa Chardonnay amene akuchokera ku Germany masiku ano ndi akuti ngati mwanunkhiza galasi n'kumva thabwa musanamve mphesa, wopangayo walakwitsa, kaya botolo ndi lodula bwanji.

Mphesa ya Chardonnay kwawo ndi ku Burgundy, ku France. Ku Germany anailola mwalamulo mu 1991, ndipo lero ili pa mahekitala oposa 2,000, makamaka m'zigawo za Rheinhessen, Pfalz ndi Baden. M'zaka zoyambazo ambiri anatengeka ndi migolo yatsopano ya mtengo wa oak ngati mwana amene wangogulidwa nsapato. Ankadikira mphesa zipse kwambiri, n'kuthira vinyo yense m'migolo yatsopano yowauliridwa kwambiri m'kati. Vinyo ankatuluka wolemera, wonunkhira vanila ndi batala, woti galasi lachiwiri sungalimalize. Amene akuchita bwino pano, monga Julian Huber wa ku Malterdingen, Sebastian Fürst wa ku Bürgstadt, kapena banja la Rebholz ku Siebeldingen, anabwerera m'mbuyo pa nkhani ya thabwa, ndipo ine ndili mbali yawo.

Ntchito imayambira kumunda. Chardonnay amaphuka msanga, choncho chisanu cha mu April chimatha kupsereza mphukira, monga zinachitikira mu 2017. Koma vuto lalikulu ndi tsiku lokolola. Mukachedwa sabata imodzi m'chaka chotentha, shuga amakwera, asidi amatsika, mowa wa mu vinyo umafika 14 peresenti ndipo vinyoyo amakhala wofooka m'kamwa. Akatswiri amakolola asidi adakalimo, kuti mowa wake ukhale pakati pa 12.5 ndi 13 peresenti. Asidi ameneyu ndi amene amanyamula thabwa. Popanda iye mgolo umangoonekera poyera.

Mphesa amazifinya pang'onopang'ono, kawirikawiri ndi mapesi ake omwe. Madzi ake amawasiya usiku umodzi kapena maola ochepa kuti zinyalala zikuluzikulu zikhale pansi, koma sawayeretsa mbee, chifukwa yisiti imafuna chakudya. Kenako amawathira mumgolo, osadzaza, kusiya mpata wa thovu. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Vinyo amene wawirira mumgolo samva thabwa ngati amene anawirira muthanki yachitsulo n'kudzathiridwa mumgolo pambuyo pake. Yisiti yamoyo imasintha mbali ina ya vanillin, chinthu chimene chimapatsa fungo la vanila, kukhala china chosanunkhira kwenikweni, ndipo nsenga zake zimamata zina zochokera m'thabwa. Mgolo womwewo, miyezi yomweyo, koma zotsatira zosiyana kutalitali.

Kukula kwa mgolo nakonso n'kofunika. Barrique wa ku Bordeaux ndi malita 225, wa ku Burgundy 228. Tonneau ndi malita 500. Anthu a ku Germany ali ndi migolo yawo yakale: Halbstück ya malita 600 ndi Stück ya malita 1,200. Mgolo ukakula, thabwa limene likukhudza lita iliyonse limachepa, ndiye fungo limachepa ndipo mpweya umalowa pang'onopang'ono. N'chifukwa chake ambiri akusamukira ku migolo ya malita 500 ndi 600, ndipo yatsopano imangokhala gawo laling'ono, mwina umodzi pa migolo inayi kapena isanu. Mgolo ukagwira ntchito zaka zitatu kapena zinayi umasiya kupereka fungo, koma umapumabe, ndipo kupumako n'kumene kukufunika. Palinso za thumba: barrique watsopano wa ku France amafika pafupifupi 1,000 euro, ndipo mukaudzaza kamodzi mumatuluka mabotolo 300 okha. Ndiye kuti pa ulendo woyambawo mayuro oposa atatu pa botolo lililonse apita ku thabwa basi.

Kuwira kukatha pamabwera kusintha kwachiwiri. Mabakiteriya amasandutsa asidi wakuthwa ngati wa apozi wosapsa kukhala asidi wofewa ngati wa mu chambiko. Pochita zimenezi amatulutsa diacetyl, fungo la batala lija. Mukafulumira kuchotsa vinyo pa nsenga n'kuthira sulfure, mankhwala oteteza vinyo kuti asaonongeke, fungolo limatsekeredwa momwemo. Mukamusiya pa nsenga, yisiti imalidya ndipo limachepa lokha.

Nsengazi ndi masese a vinyo, ndipo si zotaya. Zimamwa mpweya, zimateteza vinyo, zimamupatsa thupi. Kale ankazivundula ndi ndodo sabata iliyonse, zimene a ku France amati bâtonnage. Ine ndimaona kuti kuvundula kwambiri ndi kuononga: nthawi iliyonse mukatsegula mgolo mpweya umalowa, vinyo amanenepa msanga n'kukalambanso msanga. Ku Burgundy anaona zoopsa ndi vinyo woyera wa kuyambira cha m'ma 1995 ndi 1996, amene ankasanduka wofiirira m'botolo nthawi isanakwane, ndipo kuvundula kwambiri ndi sulfure wochepa zinali m'gulu la zimene ankaziloza chala.

Chinthu chotopetsa koma chosazembeka ndi kudzaza migolo. Vinyo amauma kudzera m'thabwa, ndipo pamwamba pamatsala mpata. Mukaiwala kuthiramo wina masabata angapo, mpweya umadzaza mpatawo ndipo mabakiteriya a viniga amapeza pokhala. Vinyo amakhala mumgolo pafupifupi chaka, ena amamusamutsira muthanki miyezi ina ndi nsenga zake asanamuike m'botolo.

Komabe si zonse za masiku ano zimene ndikugwirizana nazo. Kwabwera fasho ya fungo ngati la machesi ongoyatsidwa kumene, limene limabwera vinyo akamanidwa mpweya pa nsenga zambiri. Pang'ono limakoma. Likachuluka limabisa kukoma kwa mphesa ndi kwa dothi limene zinameramo chimodzimodzi ndi vanila uja, ndipo likapitirira limafika pa dzira lowola. Kusintha chophimba si kuvula.

Mukapeza botolo la Chardonnay wa ku Germany musalizizire ngati Fanta. Madigiri 11 mpaka 13 ndi okwanira, ndiye litulutseni mufiriji mphindi 20 musanatsegule. Gwiritsani galasi lotakasuka, ndipo ngati fungo la machesi lakula, thirani vinyoyo mujagi yagalasi kwa theka la ola musanayambe kumwa.