Chipepeso chathu chasanduka mpikisano

Abale anga a kuno ku Harare, lero ndilankhula nkhani imene ena mundikwiyira nayo, makamaka inu a m'sosaite yathu ya maliro. Ndikunena za mndandanda wa chipepeso uja umaponyedwa pa gulu la WhatsApp tikangobwerako kumanda. Dzina, ndalama. Dzina, ndalama. Awa $50, awa $20, awa $1, awa "analonjeza". Ine ndikuti momwe tikuchitira panopa, mndandandawu ukunenepetsa matama athu kuposa kupukuta misozi ya anamfedwa.

Chondidabwitsa n'choti ndife omwewo amene m'mawa timadzaza ma status ndi mawu auzimu. Wina waika kandulo, pansi pake walemba kuti tonse ndife amodzi. Wina waika munthu atakhala chopinda miyendo, maso ali chitsinzinire, akuti mtendere uli m'kati mwako. Achinyamata athu ambiri ayamba za kusinkhasinkha mwakachetechete, ena amakwera phiri kukasala kudya. Sindikuseka zimenezi ayi. Ludzu limenelo ndi lenileni, ndipo m'tauni muno momwe munthu amadzuka usiku kukathamangira dola, ndani sangafune kuti mtima wake ukhale pansi? Koma madzulo mndandanda ukatuluka, ndani wa ife amauwerenga kuyambira pamwamba? Chala chimathamanga kusaka dzina lathu. Chikalipeza, chimasaka la alamu.

Tisaiwale kumene masosaite amenewa anachokera. Agogo athu anabwera kuno kudzera ku Tete, ena wapansi, ena pa malole a Ulere onyamula ofuna ntchito, ena atalembedwa ndi Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito. Anamwazikana m'mafamu a fodya, m'migodi, m'makhitchini a azungu mu Salisbury, Harare wa lero. Munthu ankafa kutali ndi mwinimbumba wake, kutali ndi mfumu yake, popanda ndi mmodzi yemwe wodziwa dzina la amayi ake. Kumudzi, okumba manda ndi kusamalira thupi amakhala adzukulu, anthu amene si a banja lofedwalo. Kuno aliyense anasanduka mdzukulu wa munthu wosamudziwa. Mchewa wa ku Dedza anakumbira Myao wa ku Mangochi, Mtonga wa ku Nkhata Bay anasenza bokosi la Msena wa ku Nsanje. Kali kokha n'kanyama, iwo sanauphunzire m'kalasi mwambi umenewu, anauona ndi maso munthu akuikidwa ndi akaidi chifukwa chosowa wake. Umodzi umene ife tikuulemba pa foni, iwo anaugwira ndi khasu.

Ndipo anatisiyira njira zochotsera dzina la munthu pakati pa bwalo, kungoti sitiziona choncho. Tengani Gule Wamkulu. Za kudambwe sindilowako, zili ndi eni ake, ndingonena zimene aliyense woima pabwalo ku Mufakose kapena ku Mabvuku amaona. Chilombo chikatuluka, fumbi likakwera, ng'oma zikagwirana, mumaona luso loti munthu angathe kutchuka nalo mzinda wonse. Amayi amaomba m'manja, anthu amafupa, ana amakwera mipanda. Koma amene wafupidwayo ndi Chadzunda, ndi Kapoli, ndi Makanja. Chilombo chilibe chitupa, chilibe dzina la bambo, chilibe tsamba la Facebook. M'mawa mwake simudzamva wina pa Mbare Musika akuti, "Munandiona dzulo?" Anzathu a Chishona amati zvigure, ena amaopsezera ana, ndipo ife tomwe ena timachita nazo manyazi, ngakhale UNESCO inalengeza mu 2005 kuti gule ameneyu ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi. Koma taganizani bwino: chinthu chokongola kwambiri chimene mtundu wathu umachita pagulu, chimachitika popanda wochisainira. Ndiponso gule yemweyo ndi amene amanyoza odzimva. Simoni akatuluka ndi nkhope yake yofiira, akuyenda monyang'wa ngati bwalo lonse ndi la bambo ake, anthu amafa nacho chiseko chifukwa aliyense akudziwa munthu woyenda choncho m'dera lawo.

Abale athu achisilamu, amene makolo awo anathandiza kwambiri kuti misikiti imere m'makomboni ndi m'migodi ya dziko lino, ali ndi sikiri. Ndinaimapo kunja kwa mpanda pa maliro ena n'kumamvetsera. Amuna apanga bwalo, akuwerama ndi kuweramuka pamodzi, akutchula dzina la Mulungu mobwerezabwereza mpaka mawu aja amatha, kumangotsala mpweya wotuluka m'zifuwa zonse nthawi imodzi. Pamenepo sungathe kuloza kuti uyu ndiye shehe, uyu ndiye wosoka nsapato. Amayi athu a Chigwirizano amachidziwanso chimenechi. Pa siwa, cha m'ma 2 koloko usiku, tulo titawagwira, mawu atasasa, nyimbo ija imafika pena pake poti woyambitsa sakudziwikanso, ndipo mayi wofedwa amene anakhala duu tsiku lonse amayamba kugwedeza milomo. Ngati pali nthawi imene ndimakhulupirira kuti mpweya umene Chauta anatiuzira ndi umodzi, kuti malire a pakati pa ine ndi inu ndi opyapyala kuposa momwe timaganizira, ndi nthawi ngati imeneyo. Sukhala utaphunzira chilichonse chatsopano. Umangoona kuti kwa kanthawi unaiwala kudzifunsa kuti anthu akukuona bwanji.

Vuto ndi loti mtima wofuna kuonekera suthawa zinthu zoyera. Uli ngati nsikidzi, zimene zimakonda msoko wa bulangete lochapa bwino lomwe. Wosala kudya amaonetsetsa kuti nonse mwadziwa kuti lero ndi tsiku lachingati. Wodzichepetsa amakuuzani kuti iye za matama anasiya kalekale. Yendani mumsewu wa Seke kapena wa Simon Mazorodze muone zikwangwani za misonkhano ya mapemphero: nkhope ya mneneri ndi ya mayi busa zadzaza chikwangwani chonse, dzina la Yesu lili m'munsi, m'zilembo zofuna magalasi. Ngakhale pa sikiri pomwe pali mkangano wakale pakati pa magulu awiri a Asilamu, a Kadiriya akuti tiimbe, a Sukuti akuti pa maliro pakhale chete, ndipo mkangano wotere ukafika pa anthu ngati ife suchedwa kusiya za womwalira n'kuyamba za yemwe amapemphera bwino. Kupatsa ndiye malo ake enieni obisalamo, chifukwa palibe angakudzudzule uli ndi thumba la ufa m'manja.

Mukukumbukira namondwe wa Idai mu Malichi 2019, amene anasakaza Chimanimani ndi Chipinge? Mukukumbukira gogo uja wa ku Mbare amene anasenza thumba la katundu pamutu, n'kuyenda wapansi mpaka ku Highlands kumene ankalandirira zothandizira, chifukwa analibe ya kombi? Iye sanadzijambule. Anamujambula ndi ena, chithunzi chinazungulira dziko lonse, ndipo mpondamatiki wina analonjeza kumumangira nyumba. Nkhaniyo ndi yokoma ndithu. Koma ndimadzifunsa kuti ife tinatolapo chiyani, ulendo wake kapena chithunzi chake? Chifukwa masiku ano paketi imodzi ya shuga imaperekedwa ndi manja anayi, wolandira atauzidwa kuti ayang'ane kuno amwetulire.

Tsopano ndikudziwa zimene akuluakulu anena, ndipo ndi zomveka. Nditakambirana nkhaniyi ndi a malume anga, anandiyang'ana nthawi yaitali n'kuti, "Mwana wa mlongo wanga, ndalama yosawerengedwa pagulu imamera miyendo." Sananame. Kumudzi chipepeso chimalengezedwa pamaliro pomwepo kuti aliyense amve kuti chimene anapereka chafika, kuti wolemba asadyepo. Kuno tinaonapo asungichuma akusowa ndi thumba lonse, tinaonanso mu 2008 ndalama zimene agogo anasonkha zaka zambiri zikusanduka mapepala osagula ndi buledi yemwe, ndalama ya dziko lino itatha mphamvu. Anthu amene anapsa chonchi sungawauze kuti tingokhulupirirana chifukwa ndife amodzi. Chifundo chinapha nkhwali. Uzimu umene umakuletsa kufunsa lisiti ndi umene anthu akuba amaukonda kwambiri, ndipo ine sindikuufuna m'sosaite mwathu. Buku likhalepo, lilembedwe bwino, lisainidwe.

Koma kusunga buku ndi kwina, kuika anthu pa makwerero ndi kwina. Taonani amene mndandanda wathu suwadziwa. Pa maliro a ku Tafara, kumene mipope imatha nthawi yaitali osadontha, pali mayi wina wamasiye wogulitsa tomato amene amadzuka kusanache kukaima pamzere wa pa mjigo. Amabwera ndi chigubu cha malita 20 pamutu, nkhata itanyowa, madzi akutsikira m'khosi, amakhuthulira m'diramu n'kubwereranso. Madzi amene inu a $50 munasamba m'manja musanadye nsima, anatunga ndi iyeyo. Pali anyamata amene anapita ku Mbudzi m'mamawa kukaonetsetsa kuti manda ali bwino. Pali agogo amene anasambitsa thupi, ntchito imene ambiri a ife sitingayerekeze n'komwe. Pali amene anagona pansi pa simenti usiku wonse pafupi ndi mayi wofedwa, kumugwira dzanja akadzidzimuka. Pamndandanda, mayi wa tomato uja ali pansi penipeni ndi $1 yake, enawo palibepo. Maliro otsatira mayiyo sabwera, akuti akudwala mutu. Ife timati wayamba kunyada, pomwe ndi manyazi amene tinamuveka tokha. Ndikudziwanso abambo amene anakatenga katapira kuti dzina lawo lisaoneke m'munsi mwa la mng'ono wawo wa ku Joni. Womwalira anapindulapo chiyani pamenepo?

Chimandipweteka kwambiri chifukwa ife, mwa anthu onse a m'dziko lino, tikudziwa kuwawa kwa pepala lokulemba kuti ndiwe wochepa. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, anthu obadwira ku Mbare ndi ku Highfield, amene sanaionepo Lilongwe ndi maso, anapezeka kuti ndi alendo m'dziko lobadwira. Ambiri tinayenda ndi zitupa zolembedwa A, kutanthauza mlendo, tikutchedwa mabwidi ndi mabhurandaya. Zinatengera malamulo aakulu a 2013 kuti obadwira kuno kwa makolo a m'maiko a SADC awerengedwenso ngati nzika, ndi kuti Chichewa chilembedwe pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Ndinkayesa kuti anthu odutsa m'zimenezi adzakhala omaliza kuyeza mnzawo ndi pepala. Koma tamverani momwe timalankhulira za abale amene angofika kumene kuchokera ku Malawi kudzasaka maganyu. Mmodzi wa iwo akamwalira, funso loyamba pagulu limakhala lakuti, "Kodi anali ndi khadi la sosaite?" Agogo athu akanafunsa funso limenelo, theka la makolo athu likanaikidwa ndi akaidi. Ndipo tikapita kumudzi, ife tomwe amatitcha matchona. Aliyense ali ndi womuyang'anira pansi.

Sindikunena kuti tisiye kusinkhasinkha, kusala kapena kukwera mapiri. Pitani ndithu. Koma mukatsika, pamene padzaoneke ngati kuphiri kuja kunachitika kanthu ndi pa zinthu zazing'ono zosasangalatsa: kondakitala wa kombi akakubwezerani chenje chosakwana pamaso pa anthu, mpongozi akaiwala kukuthokozani pa mwambo umene munalipira zonse, dzina lanu likalembedwa molakwika pa pulogalamu ya maliro. Kamoto kamene kamayaka pachifuwa nthawi imeneyo, ndi komweko kamene mndandanda wathu ukukathira parafini mwezi ndi mwezi.

Ndiye pa msonkhano wathu ukubwerawu ndidzaimirira ndi pempho ili. Pa WhatsApp paziikidwa maina a onse amene anathandiza mwa njira iliyonse, wa ndalama, wa nkhuni, wa madzi, wa galimoto, wogona pa siwa, osalemba kuti uyu anapereka zingati, ndipo maina asanjidwe potsata zilembo. Pansi pake palembedwe ndalama zonse pamodzi ndi momwe zagwirira ntchito. Buku la ziwerengero za munthu aliyense likhale ndi msungichuma, lisainidwe ndi mboni ziwiri ndi mmodzi wa kubanja lofedwa, ndipo aliyense wofuna kuona ngati EcoCash yake inalowa akhale ndi ufulu wolitsegula pamaso pa komiti.

Ena andichenjeza kale kuti zopereka zitsika, chifukwa pali anthu amene amatulutsa $50 podziwa kuti iwerengedwa. Mwina zitsikadi miyezi yoyamba. Ine ndikuganiza kuti zimene zidzatsike kumtunda zidzabwerera kumunsi, amayi amene anasiya kubwera akayambiranso kubwera ndi madola awo amodziamodzi ndi zigubu zawo. Ngati ndalakwitsa masamu, buku lomwelo lidzatiuza pakatha chaka, ndipo tidzakambirananso. A sekeletale andiuza kuti ena a m'komiti sakugwirizana nazo ngakhale pang'ono, ndiye chonde, amene muli ndi zifukwa zanu musanditumizire kumbali usiku. Bwerani nazo ku msonkhano, ndipo muwauzenso amayi a ku Tafara aja kuti abwere, chifukwa nkhaniyi sitingaimalize iwo palibe.