Musanatsegule seva yanu ya masamba a mchezo

Ndimakhulupirira kuti anthu ayenera kukhala ndi malo awoawo ochezera pa intaneti, m'malo modalira kampani imodzi yomwe ikhoza kusintha malamulo kapena kutseka tsamba tsiku lililonse limene yafuna. Google+ inatsekedwa mu 2019 ndipo magulu amene ankakumana pamenepo anabalalika. Elon Musk atagula Twitter mu Okutobala 2022, anthu ochuluka anathamangira ku Mastodon, pulogalamu yochezerana ya open source (imene aliyense ali ndi ufulu woitenga, kuisintha ndi kuiyendetsa pa seva yake, kutanthauza kompyuta yosunga ndi kuyendetsa tsamba) imene Eugen Rochko anayambitsa ku Germany mu 2016.

Mphamvu ya Mastodon yagona pa ActivityPub, ndondomeko yolumikizira maseva imene W3C, bungwe lokhazikitsa miyezo ya webu, linavomereza mu 2018. Imagwira ntchito ngati imelo: muli pa seva ina, mnzanu ali pa ina, koma mumatsatirana ndi kuyankhana bwinobwino. Ndi akaunti yomweyo mungathe kutsatira makanema a pa PeerTube, yomwe amakonza a Framasoft ku France, komanso zithunzi za pa Pixelfed.

Komabe amene akufuna kuyendetsa yekha seva sindimulangiza kuyamba ndi Mastodon, chifukwa imafuna mapulogalamu ena othandizira, PostgreSQL, Redis ndi Sidekiq, ndipo zonsezi pamodzi zimalemetsa kompyuta yaing'ono. Ngati ndi ya banja kapena ya kagulu ka anthu odziwana, GoToSocial, pulogalamu ina yogwiritsa ntchito ActivityPub, ndi yokwanira. Ndi yopepuka moti imayenda ngakhale pa kakompyuta kakang'ono kotchedwa Raspberry Pi. Kwa amene sanazolowere Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsera kompyuta ya seva, pali YunoHost, imene imachepetsa ntchito yoika mapulogalamu, ndipo imakutengerani satifiketi yaulere ya Let's Encrypt yotetezera kulumikizana ndi tsamba lanu.

Kuika pulogalamu ndiko kosavuta, ntchito yeniyeni imayamba anthu akalowa. Dzina la domain, limene ndi adiresi ya seva yanu pa intaneti, muyenera kulisankha mofatsa kwambiri, popeza seva yanu ikadziwika kwa maseva ena simungathe kulisintha popanda kuyambiranso, ndipo mukaiwala kulilipira, maakaunti a anthu onse amene anakudalirani amasowa nalo limodzi. Disiki nayonso imadzaza mwakachetechete, chifukwa seva imasunga zithunzi ndi makanema ochokera kwa aliyense amene anthu anu akumutsatira. Mumangodzidzimuka tsamba lasiya kutseguka, pamene inuyo simunaikepo kanema ngakhale m'modzi. Zithunzi ndi makanemawa zimafunika kufufutidwa pafupipafupi, ndipo backup (kope la zonse za pa seva) izisungidwa pamalo ena, osati pa makina omwewo.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chakuti mauthenga apadera a pa Mastodon sabisidwa kwa woyendetsa seva, moti atafuna akhoza kuwawerenga. Anthu anu ayenera kuuzidwa zimenezi poyera tsiku limene akulowa, ndipo nkhani zachinsinsi azikambirana pa mapulogalamu obisa mauthenga monga Signal kapena Matrix. Ndinunso amene mudzalandire madandaulo wina akatukwanidwa, ndi kugamula ngati seva yofalitsa chidani iyenera kutsekerezedwa, ngakhale pali anthu anu ena amene ali ndi anzawo kumeneko.

Choncho yambani mwalowa pa seva imene ilipo kale, werengani malamulo ake, muone kwa miyezi ingapo mmene oyendetsa ake amaweruzira milandu. Mukadzatsegula yanu, Mastodon idzakulolani kusamuka ndi anthu amene amakutsatirani, koma zimene munalemba zidzatsalira pa seva yakale.