Amene tili nawo pafupi ndi amene timaiwala kuwathokoza

Munthu wosamudziwa akakutolera cholembera chomwe chagwa, umamuthokoza kawiri katatu. Koma amene amakudikira usiku ukachedwa, amene amakufunsa ngati wamwa mankhwala, amene anakubwereka ndalama osatchula tsiku lobweza, ameneyo umangomudutsa. Sikuti ndife oipa mtima ayi. Tinangozolowera. Chabwino chikamabwera tsiku ndi tsiku, timayamba kuona ngati ndi udindo wa mnzathuyo kutichitira. Paja akuluakulu anati ukakwera pamsana pa njovu usamati kulibe mame, ndipo ambirife takwera kalekale, mpaka tinaiwala kuti pali amene watinyamula.

Nkhaniyi akatswiri a zamaganizo anaifufuzapo. Mu 2003, Robert Emmons ndi Michael McCullough a ku America anagawa ophunzira a payunivesite m'magulu atatu. Sabata iliyonse, gulu lina linkalemba zinthu zisanu zomwe likuthokoza, lina zisanu zomwe zalisowetsa mtendere, lina zongochitika basi. Patatha masabata 10, olemba zothokoza aja ndi amene ankasangalala kwambiri ndi moyo wawo, ankadandaula pang'ono za kuphwanya kwa thupi, ndiponso ankachita masewera olimbitsa thupi nthawi yaitali kuposa olemba zodandaula. Palibe amene anawachotsera mavuto. Anangowauza chowerenga.

Komabe ine kabuku kolembamo zothokoza kokha sikandifika pamtima. Ungalembe usiku uliwonse kuti "ndikuthokoza chifukwa cha amayi anga", koma amayiwo akapanda kumva, wapindula ndiwe wekha. Kuthokoza kotero kumathera mwa mwini wake.

N'chifukwa chake ndimakonda zimene Martin Seligman ndi anzake anachita mu 2005. Iwo anauza anthu kuti alembe kalata kwa munthu amene anawachitira zabwino koma sanamuthokozepo mokwanira, kenako akaipereke okha pamaso m'pamaso. Mwa njira zonse zomwe anayesa, imeneyi ndi imene inakweza chimwemwe kwambiri nthawi yomweyo. Chimwemwecho chinakhala pafupifupi mwezi umodzi, kenako n'kuyamba kuzilala. Kwa ine zikutanthauza kuti si ntchito yochita kamodzi n'kusamba m'manja.

Ndiye chimatigwira pakamwa n'chiyani? Manyazi. Timaganiza kuti munthuyo adabwa, kapena aganiza kuti tikufuna kupempha kanthu. Amit Kumar ndi Nicholas Epley anayesa zimenezi mu 2018 pa anthu olemba makalata othokoza. Olembawo ankayembekezera kuti olandira amangika, ndipo ankavutika kusankha mawu oyenera. Olandirawo anasangalala kuposa mmene olemba ankaganizira, ndipo za kaso ka mawu sanazilabadire kwenikweni. Iwo anangomva kuti winawake anawakumbukira.

Chimene chimagwira mtima ndi kutchula chinthucho. "Zikomo pa zonse" munthu amangoti chabwino, n'kupitiriza zimene amachita. Koma nenani kuti, "Achimwene, tsiku lija ntchito itandithera munabwera n'kukhala nane osandifunsa mafunso ambiri, ine sindinaiwale." Muona munthu wamkulu akusowa poyang'ana. Mwina iyeyo anaiwala kalekale, kapena ankaganiza kuti simunaone n'komwe.

Pali kuthokoza kwina kumene ndimakukana, ndipo apa ena tisiyana maganizo. Bwana akachedwetsa malipiro n'kumati "muzithokoza kuti muli pantchito", ameneyo sakukuphunzitsani khalidwe, akukutsekani pakamwa. Chimodzimodzi mayi amene akuzunzidwa m'banja n'kumauzidwa kuti athokoze poti anzake alibe n'komwe mwamuna. Kapena wodwala matenda a maganizo amene tikumuuza kuti awerenge madalitso ake m'malo momuperekeza kuchipatala. Kuthokoza kochita kulamulidwa ndi munthu amene akupindula nako n'kokayikitsa. Munthu angathe kuyamikira kuti ali pantchito, mawa lake n'kupita kukafunsa malipiro ake mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo, ndipo ziwirizi sizitsutsana.