Wofukula manda ndi wakuba, basi

Ndakwiya ndipo sindibisa. Dzulo pa gulu lathu la WhatsApp timakambirana za Al-Mummia, filimu ya ku Egypt imene Shadi Abdel Salam anapanga mu 1969. Ndiye bambo wina, munthu woti anapita kusukulu ndithu, akulemba kuti Wanis, mnyamata wa m'filimuyo, ndi kapirikoni, anagulitsa mtundu wake ku boma chifukwa cha mitembo youma. Eti akufa sadya, njala imapweteka amoyo. Anthu n'kumamuyamikira. Koma abale inu!

Kodi tinaonera filimu imodzi? Mfumu ya fuko la Horabat yamwalira kumapiri a ku Thebes, komwe lero ndi ku Luxor. Maliro atangotha, akuluakulu a pabanjapo akutenga ana ake awiri, Wanis ndi mkulu wake, usiku, kupita nawo kuphanga kukawaonetsa chinsinsi chimene chakhala chikudyetsa fuko lonse. Akutsegula bokosi, akudula mtembo pakhosi n'kuzula mkanda wagolide wokhala ndi diso la mulungu wakale Horus, anawo akuona. Mkulu wake wa Wanis akukana kudya ndalama yotere, ndipo akumupha, abale ake omwe. Tsono inu mukuti woipa ndi Wanis amene anakaulula kwa Ahmed Kamal, wa boma woyang'anira zinthu zakale, osati odula mtembo khosi aja?

Munthu wofukula manda ndi wakuba. Kaya mtembowo wagona sabata imodzi kaya zaka 3,000, ndi munthu ameneyo, anali ndi dzina, anali ndi omulira. Kukalamba kwa manda sikusandutsa manda kukhala golosale. Zoti anthuwo anali osauka ndikudziwa, zoti ogula ankachokera ku Ulaya ndi ndalama zawo ndikudziwanso, koma kuba ndi kuba.

Komanso nkhaniyi si yopeka yonse ayi. Mu 1881 ku Deir el-Bahari kunadziwika za phanga limene banja la Abd el-Rassul la ku Qurna linakhala likutapamo katundu kwa zaka ndithu n'kumagulitsa mwakabisira. Munali mitembo ya mafumu, ina mwa iyo ya Ramses II, Seti I ndi Thutmose III. Mukudziwa amene anaiika mmenemo? Ansembe akale, poibisa kwa akuba a nthawi yawo. Anaithawitsa kwa mbala, mbala zina n'kudzaipezabe. Émile Brugsch, katswiri wa zinthu zakale wotumidwa ndi boma, anatulutsa zonse m'masiku awiri n'kukweza pa sitima ya pamadzi kupita ku Cairo, ndipo m'mbali mwa Nile amayi ankalira mokweza, abambo akuwomba mfuti monga amachitira pa maliro. Amenewonso anali anthu osauka a m'midzi yomweyo, koma anadziwa kuti akudutsawo ndi makolo awo. Ndiye musamanamizire umphawi ngati wosauka aliyense ndi wofukula manda. Kumeneko n'kunyoza osauka.

Bambo amene ndikunenayu, kumudzi kwawo sangalowe kumanda popanda amfumu kudziwa. Atamva lero kuti wina wakumba pamene anagona agogo ake n'kugulitsa zomwe anawaika nazo, angalembe kuti akufa sadya? Angathamange ndi chikwanje. Koma poti ndi agogo a eni, a kutali, akuti ndi bizinesi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Wanis sanagulitse mtundu wake. Ogulitsa mtundu ndi aja ankauthyola chidutswachidutswa n'kumapatsa wamalonda, mkanda lero, chifanizo mawa, mpaka mdzukulu wawo osadziwa kuti wagona m'phirimo ndi ndani.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'choti zinthuzi sizinathe. Mu Seputembala 2025 chibangili chagolide cha Farao Amenemope chinabedwa m'nyumba yosungiramo zakale ya ku Cairo, m'chipinda chokonzeramo zinthu zomwezi, ndipo amene anamangidwa ndi wantchito wa momwemo. Chinadutsa m'manja mwa amalonda mpaka chinasungunulidwa pamodzi ndi golide wina. Zaka 3,000 kuthera pamoto! Ameneyonso mumuikira kumbuyo kuti ndi njala? Nanga ogulawo? Mwala wa zolemba zakale wa Rosetta uli ku London kuyambira 1802, mutu wosema wa Mfumukazi Nefertiti uli ku Berlin, anthu a ku Egypt akhala akupempha kuti zibwerere kwawo koma kuli zii. Mwana wa ku Luxor azikapempha viza kuti akaone za makolo ake. Zamanyazi.