Aphunzitsi akumudzi tawasenzetsa katundu wathu

Makolo anzanga a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga kuno ku Mozambique, dandaulo langa lero lili pa ife tomwe. Chaka chikatha timathamangira kukaona pauta, pepala la zotsatira za mayeso, mwana akalephera timati aphunzitsi ndi aulesi. Ndi angati mwa ife amene amafunsa zimene mphunzitsiyo wakhala akuchita chaka chonse?

Mwana wa zaka 6 amayamba sukulu akudziwa Chinyanja chokha, pamene mabuku ambiri ali m'Chipwitikizi. Kuphunzitsa m'ziyankhulo ziwiri kunayesedwa kuno ku Tete kuyambira 1993 mpaka 1997, pa ntchito ya PEBIMO, koma mpaka lero si sukulu zonse zimene zili nako. Ndiye mphunzitsi amalongosola phunziro limodzi kawiri, atamwaza njere za chimanga patebulo kuti ana aziwerengera.

Koma chimene chimandikhudza kwambiri ndi nkhani ya atsikana. Boma linakhazikitsa lamulo mu 2019 loletsa kukwatiwitsa mwana wosakwana zaka 18, ndipo mu 2018 linachotsa lamulo lija lokakamiza mtsikana woyembekezera kuti aziphunzira usiku. Zabwino zimenezo. Komabe amene amayamba kuzindikira kuti mtsikana wasowa ndi mphunzitsi, akamaitana mayina m'mawa dzina limodzi osayankhidwa sabata yathunthu. Loweruka amapalasa njinga yake mpaka kumudziko, akamuyalira mphasa amayamba ndi malonje ndi za mvula, kenako n'kufika pa nkhani: “Zikomo atsibweni, mwanayu mutu wake umagwira, mulekeni amalize sukulu.” Nthawi zina amamumvera. Nthawi zina amabwerako atanenedwa kuti akulowerera za m'banja la eni ake, ndipo amayenera kukhalabe m'mudzi womwewo, kutunga madzi pa mjigo umodzi ndi anthu amene akumukwiyirawo. Ulendo umenewu palibe amamulipira.

Anyamata nawo amasowa nthawi yokumba mbatatesi, ena kubusa, ena kukagwira ganyu pamsika wa Lizulu. Mphunzitsi yemweyo ndiye amakapempha amfumu ndi akuluakulu a kudambwe kuti zinamwali zizichitika pa tchuthi. Yemweyonso amakumbutsa makolo za cédula, chikalata cha kubadwa kwa mwana, mayeso asanafike, amagula choko ndi ndalama za m'thumba mwake, amaperekeza kuchipatala mwana amene wagwa ndi malungo m'kalasi. Zonsezi akuchita pamene aphunzitsi m'dziko muno akhala akudandaula poyera kuti ndalama zawo za maola owonjezera (horas extras) zimachedwa.

Sindikubisa, alipo aphunzitsi oipa, ogulitsa magiredi ndi onyenga ana asukulu. Amenewo tiwaneneze ku komiti ya sukulu (conselho de escola) ndi kupolisi, tisawabise chifukwa chakuti ndi mwana wa uje. Koma asatiphimbe maso n'kuiwala ambiri amene akulera ana athu.

Zambiri mwa ntchito ndatchulazi ndi zathu ife makolo, tinangozitula pakhomo la sukulu. Kudziwa kuti mwana wajomba n'kwathu. Kukana lobola kapena chiwongo cha mwana wa zaka 15 n'kwa atsibweni ake. Pa 12 October, tsiku la aphunzitsi, tidzawaimbira nyimbo ndi kuwapatsa nsalu monga mwa masiku onse, chabwino. Ine ndikupempha kuti msonkhano wa makolo ukaitanidwa tipiteko, abambo ndi omwe, ndipo mwana akadwala kapena akapita kumaliro titumize uthenga kusukulu tsiku lomwelo.