Pemphero la Makadeti ndi Chakudya Chawo cha Tsiku ndi Tsiku

Atate wathu wakumwamba, tabwera pamaso panu ndi nkhani ya m'mimba, ndipo sitichita nayo manyazi, pakuti ndinu amene munaumba thupi la munthu kuti lizidya.

Tikupereka m'manja mwanu anyamata ndi atsikana amene ali kumaphunziro a usilikali, makadeti athu. Inu mumawaona lipenga likawadzutsa kusanache, akumanga jombo tulo tili m'maso, akuthamanga mitunda italiitali chikwama cholemera chili kumsana, mfuti ili m'manja. Akachoka pa perete amalowa m'kalasi, usiku ena n'kuchezeranso pa ulonda. Munthu wogwira ntchito yokhala pansi amakwanira ndi makalori (muyezo wa mphamvu imene thupi limapeza m'chakudya) 2,000 mpaka 2,500 pa tsiku, koma mwana wothamangitsidwa chonchi amatha kuwotcha oposa 3,500. Akapanda kubwezera, minofu imafota, mafupa a m'miyendo amachita ming'alu, magazi amachepa makamaka mwa atsikana, ndipo mutu sugwira zimene mphunzitsi akunena. Ambiri a iwo sadandaula, Ambuye, chifukwa anaphunzitsidwa kumvera osayankha. N'chifukwa chake ife tikuwalirira kwa Inu.

Kumbukirani tsiku lija mfumu Sauli analumbiritsa ankhondo ake kuti asalawe kanthu mpaka madzulo. Amuna amphamvu analefuka adani ali pamaso pawo. Yonatani atangolawa uchi wa kunsonga ya ndodo, m'maso mwake munayera. Chonde musalole kuti ana awa alefuke chifukwa cha lamulo la akuluakulu amene iwo eni adya n'kukhuta.

Ndalama imene amaika pa mutu wa kadeti aliyense pa tsiku imatha kukhala yomweyo pa pepala pamene zinthu zikukwera mtengo, ndipo wophika amangochepetsa chipande mwakachetechete. Tikupempha kuti alawansi imeneyi ikwere, ikwere mokwanira ndithu. Khudzani mtima wa nduna yoona zachitetezo, akuluakulu a asilikali, osunga chuma cha boma ndi aphungu okambirana bajeti. Akamawerenga manambala aziona nkhope ya mwana amene waima pamzere ndi mbale yake. Akamagula zida ndi magalimoto, asaiwale kuti wonyamula zidazo ndi munthu wokhala ndi mimba.

Ndipo ikakwera, Atate, iperekezeni mpaka ikafike m'mbale. Apa ndi pamene mitima yathu imachita mantha kwambiri, chifukwa ndalama ya chakudya imadutsa m'manja ambiri. Wopatsidwa kontirakiti abweretse katundu wokwana pa sikelo, osati wowola. Wosunga makiyi a mosungira chakudya akhale ndi manja oyera. Wofufuza mabuku asatsekedwe pakamwa ndi chiphuphu. Dalitsani ophika amene amadzuka patsogolo pa onse, apatseni zokwanira kuti asamagawe ndi mtima wowawa.

Tonthozani makolo amene amagona akudzifunsa ngati mwana wawo wadya lero. Limbitsani kadeti amene akuganiza zothawa maphunziro chifukwa cha njala, mugwireni dzanja mpaka tsiku lomaliza maphunziro ake, adzaime chilili pa perete ali wathanzi.

Timvereni, m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.