Chiuzibeki Si Kubwebweta, Lekani Mwano

Dzulo madzulo tikuonera mpira wa Manchester City, bambo wina wophunzira ndithu, amene amaphunzitsa ana Chifalansa, analankhula mawu amene akundiwawa mpaka pano. Wotchinga kumbuyo Abdukodir Khusanov ataoneka pa kanema, bamboyo anati mnyamatayu anachita mwayi podzera ku Lens, ku France, chifukwa kumeneko anakamvako chilankhulo cha anthu, pakuti kwawo ku Uzbekistan amangobwebweta zinthu zopanda galamala. Anthu anaseka. Ine ndikunena poyera kuti umenewu ndi mwano, ndipo ndi mwano wochokera ku umbuli.

Chifalansa sichiposa Chiuzibeki. Ndi chotchuka kuposa Chiuzibeki, zimenezo palibe angatsutse, koma kutchuka ndi kwina, kupambana ndi kwinanso. Chiuzibeki chimalankhulidwa ndi anthu oposa 30 miliyoni ku Uzbekistan, kumpoto kwa Afghanistan, ku Tajikistan, ku Kyrgyzstan ndi ku Kazakhstan, ndipo ndi cha banja limodzi ndi zilankhulo za ku Turkey ndi ku Azerbaijan. Kodi anthu onsewo akhala akukwatirana, kuweruza milandu ndi kuchita malonda m'misika ya ku Samarkand ndi Bukhara kwa zaka mazanamazana popanda galamala?

Galamala ilipo, ndipo ife olankhula Chichewa ndife oyenera kuimvetsa msanga, chifukwa nawonso amalumikiza timagawo ta mawu monga tichitira ife, kungoti iwo kawirikawiri amaika kumapeto. Nyumba amati uy, zikachuluka amati uylar, zikakhala zathu amati uylarimiz, ndipo pofuna kunena kuti m'nyumba zathu amati uylarimizda, pamene Mfalansa amafunika mawu atatu, dans nos maisons. Mneni amabwera kumapeto kwa chiganizo. Munthu wamwamuna kapena wamkazi amangomutchula kuti u, monga ife timati iye, pamene mwana wophunzira Chifalansa amayenera kuloweza kuti tebulo ndi lalikazi, buku ndi lalimuna, popanda wina womuuza chifukwa chake. Dzina la mzinda wa Bordeaux lili ndi zilembo 8, koma zinayi zomalizazo zimangomveka ngati o mmodzi. Nambala 97 Mfalansa amaiwerenga ngati 20 kanayi, kuwonjezera 10, kuwonjezeranso 7, pamene Muuzibeki amangoti 90 ndi 7. Sindikunena izi pofuna kunyoza Chifalansa, ayi. Ndikungoti wofuna kuseka zachilendo za chilankhulo cha ena ayambe waona za chimene iyeyo amanyadira, pajatu chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chimene chandipweteka kwambiri n'chakuti bamboyo, ngakhale ndi mphunzitsi, sadziwa kuti Chifalansa chakecho chinanyozedwapo chimodzimodzi. Kwa nthawi yaitali anthu ophunzira ku France ankalemba m'Chilatini, ndipo Chifalansa ankachiona ngati cha anthu wamba. Zinatengera lamulo la mfumu François I mu 1539 kuti zikalata za boma ndi za makhoti zizilembedwa m'Chifalansa, ndipo mu 1549 mlakatuli Joachim du Bellay anachita kulemba buku lathunthu lochiikira kumbuyo kuti nacho chikhoza kusenza ndakatulo. Koma zaka 50 zimenezi zisanachitike, mu 1499, mlakatuli Alisher Navoi wa ku Herat, mzinda umene lero uli ku Afghanistan, anali atalemba kale buku lake loteteza Chichagatai, kholo la Chiuzibeki cha lero, kwa ophunzira a nthawiyo amene ankati ndakatulo yeniyeni imalembedwa m'Chiperisiya basi. Babur, amene anayambitsa ufumu wa Mughal ku India mu 1526, analemba mbiri ya moyo wake m'chilankhulo chomwecho. Ndiye wina ayimirire pagulu n'kumati kumeneko kulibe chilankhulo? Ngakhale mu 1794, wansembe wina wa ku France, Abbé Grégoire, atafufuza, anapeza kuti anthu ochuluka a m'dziko la France momwemo sankatha kulankhula bwino Chifalansa.

Chinachikweza ndi mfuti, zombo ndi chuma, basi. Anthu a ku Dakar ndi ku Abidjan sanachite kukhala pansi n'kusankha Chifalansa chifukwa cha kukoma kwake. Chiuzibeki chinalibe zombo, ndipo m'malo mwake chinaponderezedwa ndi Chirasha, komanso chinasinthidwa zilembo katatu m'zaka zosakwana 70: chinachoka ku zilembo za Chiarabu kupita ku za Chilatini chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, chinakakamizidwa kutenga zilembo zonga za Chirasha mu 1940 pa nthawi ya Stalin, mtsogoleri wa Soviet Union imene Uzbekistan inali mbali yake, kenako chinabwerera ku za Chilatini mu 1993, dzikolo litalandira ufulu mu 1991. Mpaka lero ku Tashkent, likulu la dzikolo, zilembo zamitundu iwiriyi zimaoneka pa zikwangwani, ndipo agogo amawerenga mosavuta zimene mdzukulu wawo sanaphunzire nazo kusukulu. Chifalansa chakhala chikulereredwa ndi bungwe lochisamalira la Académie française kuyambira mu 1635. Chiuzibeki chinadutsa m'minga yonseyi osafa, ndipo chimenecho ndicho bambo wovala tayi akuchitcha kubwebweta.

Ndibwerezenso kwa amene sanamve: kuchuluka kwa mayiko olankhula chilankhulo si umboni wa nzeru za chilankhulocho. Mpando umene Chifalansa chili nawo pakati pa zilankhulo 6 za United Nations ndi wa ndale, si wa galamala. Phunzirani Chifalansa, chidzakupezetsani ntchito ndipo palibe akukuletsani, koma musachisandutse muyeso woyezera umunthu wa anthu amene simunamvepo ngakhale moni wawo.

Ndipo anthu amaganizo amenewa ndi omwe aja amapatsa ana chibalo chotchetcha udzu pasukulu chifukwa chakuti awamva akulankhula Chichewa kapena Chitumbuka nthawi yopuma. Ndi omwe aja amaseka mnzawo akalakwitsa Chingerezi, koma iwo eni akalemba kalata ya Chichewa simungathe kuiwerenga mpaka kumapeto, ndipo manyazi sachita n'komwe.